A Cipriano ndi Atombolombo a pa Tanki Lawo

Taganizirani m'mawa wamba ku Chipera. Mame adakali pa udzu, ng'ombe zikutuluka m'makola, ana akuthamangira ku shikola. Kumunsi kwa mudzi, ku dimba, bambo wina wanjuta m'mphepete mwa madzi, maso ali pa bango. Amenewo ndi a Cipriano, mlimi wa chimanga amene adakumba yekha tanki loweteramo nsomba.

Anzawo ambiri adapita ku Fíngoè kukakumba golide, koma iwo sadafune kusiya banja ndi munda. Tsoka lake, tiana ta nsomba timene ankathira m'tankimo tinkatha tisanakule. Akazi awo, a Teresinha, adatopa nazo. Adanena poyera kuti mvula ikadzatha tanki lili lopanda kanthu, bambowo atenge fosholo atsate anzawo, poti ana sadya matope.

Poyamba a Cipriano adaloza chala abakha a mlamu wawo, a Bento. Abakha adatsekeredwa, koma tiana tidapitirira kutha.

"Alamu, abakha anga ali m'ndende," adatero a Bento akuseka. "Tsopano mumanga yani? Achule?"

A Cipriano adalowa m'madzi ndi dengu, nakokola matope ndi zomera za pansi. M'dengumo mudatsala tizilombo totalika, tamaso aakulu. Adaika kamodzi m'ndowa pamodzi ndi kamwana ka nsomba. Kachilombo kadangoti duu, kenaka kadaponya chibwano chake kutsogolo, n'kugwira nsomba ija.

Wakuba adapezeka, koma kumene ankachokera sikudadziwike. Ndiye chifukwa chake a Cipriano adayamba kulawirira ku tanki. Tsiku lina m'bandakucha adapeza chikhungwa cha kachilombo kotere chitakakamira pa bango, chong'ambika pamsana. Pambali pake padali tombolombo wamkulu, mapiko adakali ofewa. Adagwira pakamwa: wakuba uja adali mwana wa tombolombo. Iwo ankakondwa ndi atombolombo poti amadya udzudzu, ndipo bango ndi zomera za m'madzi adabzala okha kuti nsomba zizipeza mthunzi.

Adadzandipeza ku shikola kumene ndimaphunzitsa, chikhungwa chili m'manja, kudzafunsa ngati atombolombo onse ndi amodzi. Tidayang'ana limodzi m'buku. Alipo a mitundu yambiri. Ena ndi oonda ngati udzu, ndipo akatera amapinda mapiko. Ena ndi ofiira, amakonda kutera pa kamtengo, ndipo aakazi ake amaikira mazira pogunda madzi ndi mchira. Wa a Cipriano adali wa gulu limene akatswiri amalitcha Anax: chifuwa chobiriwira, maso okumana pamwamba pa mutu, wouluka uku ndi uku osatera kawirikawiri. Wamkazi amabaya tsinde la chomera cha m'madzi n'kuikamo mazira, ndipo ana ake amakhala m'madzi miyezi ingapo akusaka, mpaka kukula moti n'kugwira kansomba.

A Cipriano adabwerera kukayang'anitsitsa, ndipo adamuona wamkaziyo atatera pa tsinde, mchira uli m'madzi. Sadawononge nthawi kuthamangitsa zouluka. Adazula zomera zonse za m'tanki. Pambali adakumba kadziwe kakang'ono kolereramo tiana, kuti tizikhala mophimbidwa kufikira titafika msinkhu wa chala, pamene tizilombo tija sitingathe kutigwira.

Chophimbira chidali masaka a anyezi, aja a timibowo. A Teresinha ndiwo adawasoka pamodzi, ngakhale adali asanakhulupirire.

"Bambo a Lina, ndikusoka, koma fosholo ija sindinaibise ayi."

"Sokani, mayi a Lina. Ija tikumbira tanki lachiwiri."

Mvula idatha, tiana tidakula, ndipo adatisamutsira m'tanki lalikulu. Ku Fíngoè sadapiteko. Lero banja lawo limadya nsomba za pa dimba lawo, ndipo alimi ena a ku Chipera amene akumba matanki amadzatenga tiana ta nsomba kwa a Cipriano.