Loweruka Limene a Gyamfi Anamvera Foni

A Gyamfi ayendetsa galimoto mu Kumasi muno kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo njira amaziphunzira kwa akufa. Ine ndimakazinga nthochi pageti pa nyumba yomwe amagwirako ntchito, ndiye musandifunse kuti ndadziwa bwanji.

Lachinayi lililonse amayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa makoma, manja kumbuyo, kuwerenga zithunzi za maliro zomwe anthu amamata: wamwalira ndani, aikidwa liti, anthu akasonkhana pakhomo pa yani. Pofika Loweruka, misewu ikatsekedwa ndi matenti ndi mipando, tauni yonse imakhala ili kale m'mutu mwawo. Amati akatsinzina amaiona ngati nsalu yoyalidwa padzuwa, madontho ofiira ndi akuda pomwe pali maliro, iwo n'kumadutsa pakati ngati ulusi.

Zaka zambiri ananyamula makeke a ukwati a mayi Dufie osachedwapo. Miyendo itayamba kuwavuta mayiwo, ntchito anaitenga mwana wawo Afrakoma, amene anabwera ndi foni yokhala ndi kamkazi kolozera njira, kolankhulira m'mphuno. Kakati khotani kumanzere, a Gyamfi ankapita kumanja.

"Malume, foniyi imaona misewu yonse kuchokera kumwamba," anatero Afrakoma tsiku lina.

"Kumwambako yaonanso kuti a Boakye a ku Bantama akuikidwa lero?"

"Ndatopa nanu. Mukaitsutsanso kamodzi, makiyi musiye patebulo. Ndiziyendetsa ndekha."

Loweruka lotsatira panali keke ya nsanjika zinayi, yofunika ku Dichemso dzuwa lisanafike paliwombo. A Gyamfi anabwera atavala malaya akuda ositasita, akununkhira sopo. Afrakoma sanaonepo kanthu. Ine ndinaona. Kamkazi kaja kanati adzere ku Ash Town. Afrakoma anawayang'ana cham'mbali, mkangano uli kale pamilomo, koma akuluwo anangokhota, phee, ngati mwana wa Sande sukulu.

Sanapite patali. Msewu unathera m'matenti, ndipo kumbuyo magalimoto ena anawatsekera. Kamkazi kanali kakukakamirabe kuti pitirirani kutsogolo, pomwe kutsogoloko kunali chithunzi chachikulu cha malemu, mayi wa mpata kumano.

"Ndikafunse njira, mwanangu," anatero a Gyamfi, n'kutsika.

Afrakoma anandiuza yekha kuti a Gyamfi sanafunse munthu. Anakaima patsogolo pa chithunzicho nthawi yaitali, ng'oma zikulira, fumbi likuyandama m'dzuwa. Kenako anakweza manja pang'ono n'kuyamba kuvina, mapazi okhaokha, maso ali chitsinzinire, ngati munthu woyenda m'tulo. Azimayi a nsalu zofiira za pamaliro anawapatsa malo.

Afrakoma ndi mwana wa dzana, sangadziwe. Malemuwo anali Pokuaa wogulitsa mikanda ku msika wa Kejetia. Kale a Gyamfi ankamutenga pa takisi m'mawa uliwonse, ndipo munthu wodziwa zidule zonse za tauni ino ankamudutsitsa njira yaitali kwambiri, yozungulira kuseri kwa bwalo la mpira, kuti amve kuseka kwake. Pokuaa anakwatiwa ndi mphunzitsi. A Gyamfi sanakwatire, ndipo Loweruka sapatsidwa tchuthi. Tsopano inu mundiuze: munthu wowerenga khoma lililonse akanaphonya chithunzi chimenecho?

Atabwerera ku galimoto, a Gyamfi anapempha akuluakulu a pamaliro, mipando inasunthidwa, iwo n'kulowa kanjira ka kuseri kwa chigayo komwe foni inkakaonetsa ngati ngalande. Anafika akwati atalowa kale. Keke inali itapendekeka, tizidole ta pamwamba titamira mpaka m'mawondo. Mayi a mkwatibwi anamusambitsa Afrakoma chokweza anthu akuona.

Afrakoma anatuluka maso ali psuu, nakakhala m'galimoto. A Gyamfi anazula makiyi n'kuwagwira m'manja, kudikira.

"Malume, inu simumadziwa kuti kuli maliro kuja?"

"Unati ndizimvera foni, mwanangu."

Afrakoma anawayang'anitsitsa, anayang'ananso malaya awo. Kaya anaona chiyani, sanandiuze. Anazimitsa foni n'kuiponya m'chikwama.

"Lizani galimoto. Pobwerera tidzera kuti?"

"Ku Krofrom," anatero a Gyamfi, akupukuta m'maso ndi chala. "Kumeneko sabata ino onse ali moyo."