Kulefuka Ndinakudziwira ku Nathenje

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Okutobala, chaka cha chilala chija, ndikuthirira nazale ya fodya pa esiteti ku Mitundu. Anyamata awiri a malaya ofiira.

"Mayi, tiyeni. Dzulo pokonzekera gule wa chipani munakhala pansi anzanu akuvina."

"Ana anga, ndinalefuka."

"Mukalefukira komweko."

Kumsana ndinali ndi mdzukulu wa miyezi iwiri. Mayi ake, mwana wanga woyamba, anatisiya atangochira. Mdzukuluyo ndinamupatsa bere langa louma, ndikumwa mizu, mpaka mkaka unatsika, ine gogo! Ndiye njala, ndiye kuyamwitsa, ndiye kuvina padzuwa, miyendo inakana.

Anandimasula mwanayo kumsana n'kumupereka kwa mnzanga wa ku Mulanje, tenanti ngati ine. Ine pa lole, mpaka ku Nathenje, m'kachipinda kopanda zenera.

Lachitatu anandiitana. Wamkulu wawo ankalankhula motsitsa mawu. "Anakutumani ndani kukhala pansi?" Ndinati palibe. Zimene zinatsatira sindilemba, zilembo zanga n'zochepa. Dzino lakutsogololi linatsala komweko.

Anthu amati ndalefuka akalima mizere iwiri. Nanenso ndinkatero. Ayi ndithu, uko n'kutopa, kumatha ndi phala. Kulefuka ndinakudziwa tsiku lachisanu ndi chinayi. M'mawa uliwonse ndinkafinyira bere pakhoma kuti mkaka usaume. Tsiku limenelo ndinafinya, ndinafinya, kadontho kamodzi kokha. Manja anagwa okha. Ngakhale kulira kunandikanika.

Mlonda anasuzumira. "Gogo, mukuyamwitsa khoma?" Anaseka. Masana anandikankhira mbale yachiwiri ya nyemba, osandiyang'ana.

Ndinadya. Ndinafinyanso, mawa lake, mkuja wake.

Patatha masabata atatu anati, "Pitani, mukaphunzire kuimirira." Ndinayenda wapansi, kupuma pamthunzi uliwonse. Mnzanga uja anatuluka naye mwana, ataonda ngati kambalame. Ankamumwetsa phala lamadzi ndi supuni. Ndinakhala pabwalo pomwepo, n'kumupatsa mwanayo bere. Anakana, anakana, kenako anagwira. Unatsika! Ee, unatsika, amayi inu, unatsika!

Tsopano tavota kawiri, malaya ofiira aja sakuonekanso. Ena amati ufulu ndi kulankhula. Ine ufulu ndinauona Loweruka lapitali pa chinkhoswe. Ndinavina, ndinavina, ndinaimba mluzu ukutulukira pa dzino losowali. Nditatopa, kutopa chabe, ndinakhala pansi ng'oma zikulira. Palibe anandifunsa. Mdzukulu uja anangobwera akuthamanga, n'kudzakhala pamiyendo panga.