Masipuling'i a Chagada

Anthu ankamutchula kuti Chagada chifukwa moyo wake wonse anauthera ali chigonere chagada pansi pa magalimoto a eni ake. Ukafika pagalaja pake sunkaona nkhope ayi, unkaona mapazi awiri atatulukira kunsi kwa pikapu, ndipo moni unkapereka kwa mapaziwo. Nayenso makasitomala ake ankawazindikira ndi nsapato. Wina akamupatsa moni pamsika, mkuluyu ankayamba wayang'ana pansi, kenaka n'kuyankha.

Za injini sankazigwira, za magetsi ankati n'za ana asukulu. Yake inali ntchito ya kunsi, yokweza galimoto kuti mimba yake isamakhule miyala. Obwera kwa iye anali anthu oyenda m'misewu yoipa: ogula mbewu kumidzi yakutali, onyamula matabwa, okumba mijigo. Galimoto ikalowa pageti ankaiimika pa majeke n'kumasula masipuling'i, zitsulo zazitali zosanjikizana zija zimene zimasenza thupi la galimoto, n'kulowetsa zitsulo zina pakati kuti mtolowo ukhuthale. Akatero ankavula timatayala ta m'tauni n'kuveka zimatayala za mano, ndipo zikamakhula m'mbali ankadula lata mopanda chisoni, mwini galimoto atayang'ana kumbali. Pomaliza ankamanga chitsulo chokhuthala kunsi kwa injini ndi thanki ya mafuta, kuti mwala ukamenya, wolira akhale mwalawo.

Kayesedwe kake kanali kamodzi basi. Ankakwera kumbuyo kwa galimoto n'kumadumpha ndi thupi lake lonse, ndipotu sanali munthu wochepa. Galimoto ikagwedezeka, ankatsika n'kukatenganso chitsulo china. Ikangoti gwa, ankapukuta manja pa ovolosi n'kunena kuti, "Pitani, mukaisenzetse mmene mungathere." Anthu aja ankaisenzetsadi mopanda manyazi, matumba mpaka kupitirira denga, koma galimoto yochoka m'manja mwa Chagada sinkagwada. Mbiri yake inali imeneyo, ndipo ankainyadira mwakachetechete.

Chodabwitsa n'choti misewu imene ankaikonzera magalimotoyo iye anali asanaipondepo. Ankangoidziwa ndi mabala amene magalimoto ankabwera nawo: apa panamenya mwala, apa chitsa, apa munthu anawoloka mtsinje mwaliuma. Ntchito anaiphunzira kwa amalume ake owotcherera mageti ndi mawilibala, mumsewu womwewo mmene munali galaja. Nyumba yake inali kuseri kwa galaja, kungodutsa kakhomo ka malata. Kuyendetsa ankatha, koma akayendetse kupita kuti?

Mkazi wake anali mayi wosachuluka mawu. Anamulelera ana, anawo n'kukula n'kubalalika, iye n'kutsala akuchapabe maovolosi a girizi amene sopo ankachita kuwaopa. Mayiyu analeredwa ndi mkulu wake, popeza amayi awo anamwalira iye asanadziwe n'kumanga nsalu komwe. Achemwali akewo anakwatiwa kutali kuseri kwa mapiri, kumene basi imathera panjira, munthu n'kumaliza ulendo wapansi kapena pa njinga yamoto. Ali ndi mphamvu, mkazi wa Chagada ankapitako yekha, chikwama pamutu. Kenaka nyamakazi inamugwira m'chiuno. Kuyenda mtunda kunakanika, kukhala pa njinga yamoto ndiye osanena. Uko nakonso achemwali aja maso anafa, sakanatha kutsika. Anatsala ndi foni, imene inkagwira tsiku limene yafuna.

"Bambo ake," anatero mkazi wake tsiku lina akumupatsira madzi osamba m'manja, "inu mumakonzera anthu onse magalimoto opita kumapiri. Ine simungandifikitseko kwa achemwali?"

Chagada sanali munthu wokana mkazi wake. Anagula chipikapu chakale chimene chinagona nthawi yaitali kuseri kwa sitolo ya munthu wina, nkhuku zikuikiramo mazira, n'kuchikokera pakona ya galaja. Mnzake wodziwa za injini anachidzutsa mpaka chinalira. Zotsalazo zinali za m'manja mwake, ndipo analonjeza kuti mvula ikangotha anyamuka.

Mvula inatha, ina inabwera, inathanso. Za eni ake zinkayamba nthawi zonse, poti mwini galimoto amaima pamutu pako pomwepo, pamene mkazi wako amadikira kuseri kwa kakhomo. Choipitsitsa, kasitomala akasowa bawuti kapena nati, Chagada ankangopita pakona paja n'kukamasula pa chipikapu cha mkazi wake, ati adzabwezera. Mayiyo akafunsa, yankho linali lakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Nkhonoyo ili ndi maso," ankatero mkaziyo. "Achemwali anga alibe. Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo ake."

Chagada ankaseka pang'ono n'kulowanso pansi pa galimoto, kumene mawu safika bwino.

Chimene chinamudzutsa inali foni ya mdzukulu wa achemwali aja. Anati agogo afooka, akudya pang'ono, ndipo akungofunsa ngati mng'ono wawo akubwera. Mayiyo sanalire, sanakalipenso. Anangotsitsa chikwama chake pamwamba pa kabati, n'kulongedzamo zovala, n'kuchiika pafupi ndi chitseko pamene mwamuna wake ankavulira nsapato. Chagada atachiona chikwamacho anachita manyazi kwambiri. M'mawa mwake anatseka geti la galaja, kwa nthawi yoyamba chitsegulire, ndipo ogogoda anagogoda mpaka kutopa.

Kunena zoona, ntchito imene anagwira pa chipikapu chija sanaigwirepo pa galimoto ya munthu aliyense. Anasankha matayala aatali, a mano atsopano. Chitsulo cha kunsi anatenga chabwino chimene ankabisira makasitomala, n'kuchipinda bwinobwino kutsogolo kuti chizitsetsereka pamiyala. Masipuling'i ndiye anawonjezera mosaumira, popeza mkatimo mudzakhala mkazi wake, osati matumba a munthu wina. Atadumpha kumbuyo, galimoto inangoti gwa ngati wadumpha pakhonde la simenti. Anakumbukiranso za m'chiuno mwa mayiyo, n'kuwotcherera kamakwerero kokhala ndi chogwirira pakhomo la kumanzere. Mkazi wake atakaona kamakwereroko anamwetulira, ndipo Chagada mtima unakhala pansi.

Ananyamuka m'mamawa. Kumbuyo kunali chikwama chija, tayala lapadera, jeke ndi bokosi la masipanala, basi. Patala zinkayenda bwino ndithu, kungoti paliponse pamene msewu unagambidwa chigamba, mpando unkawauza. Chagada ankati ndi mphepo yachuluka m'matayala.

Atasiya tala n'kuyamba kukwera, ndi pamene msewu unaonetsa khalidwe lake. Munali miyala yosongoka, ngalande zokumbidwa ndi mvula, ndi timizeremizere tija timagwedeza mano m'kamwa. Chipikapu chinkangodutsa osakhula paliponse. Chagada anasangalala ngati mwana, maso ali pamsewu, akutchula chilichonse chimene wagonjetsa. "Mwauona mwala umenewo, mayi ake? Galimoto wamba ikanasiya oyilo yense pamenepo. Ife tadutsa!"

Mayiyo sankayankha, koma poti anali wosalankhulalankhula, mwamuna wake sanadabwe. Anayenda mtunda wautali ndithu asanacheuke. Atacheuka anapeza mkazi wake wagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri, akuyesa kudzinyamula kuti chiuno chisakhudze mpando. Thukuta linali kamukamu, mlomo wa m'munsi wauluma mpaka kutuluka magazi. Galimoto ikagunda mwala, thupi lake lonse linkanjanja koma mawu osatuluka.

Anaimika pomwepo. "Bwanji osanena, mayi ake?"

"Ndikananena mukanabwerera," anatero mayiyo. "Tiyeni."

Chagada anatsika n'kuzungulira galimoto yake, ndipo chimene chinalakwika anachiona msanga, poti sichinali chobisika. Masipuling'i anali chiwongokere, sanapindike ngakhale pang'ono. Zitsulo zoterozo zimafewa zikasenza katundu wolemera. Popanda katundu, mwala uliwonse umadutsa m'tayala, m'chitsulo, mumpando, n'kukathera m'mafupa a munthu. Zimenezi ankazidziwa, asa, akanalephera bwanji kuzidziwa? Koma moyo wake wonse anakonzera matumba ndi matabwa, ndipo thumba silidandaula. Anaima pamenepo manja ali m'chiuno, atakwiya ndi mutu wake womwe.

Anaphwetsako matayala pang'ono. Kenaka anatsikira m'kakhwawa kouma kamene kanali m'mbali mwa msewu n'kuyamba kututa miyala. Ankasankha ikuluikulu, n'kuikumbatira pamimba, n'kukwera nayo pang'onopang'ono mpaka kukaiponya kumbuyo kwa galimoto. Msana wake, umene unatha kale ndi simenti yozizira ya m'galaja, unkalira nawo. Amayi ena odutsa ndi mitolo ya nkhuni anaima n'kumaonerera, mmodzi n'kufunsa ngati kumapiri kwasowa miyala kuti achite kupititsako ina. Chagada anangotsikiranso m'kakhwawa kaja. Anatuta mpaka kumbuyo kwa chipikapu kunatsika, masipuling'i n'kuyamba kupindika.

Zinathandizako. Galimoto inayamba kunyang'ama m'malo modumpha, ndipo iye ankayendetsa ngati wanyamula mazira. Koma chimene chinavulala chinali chitavulala kale. Pofika kwa achemwali aja dzuwa litapendeka, mayiyo analephera n'kutsitsa mwendo komwe. Kamakwerero kaja sikanagwire ntchito. Anthu a pamenepo anabweretsa mpando wa m'nyumba, n'kumukhazikapo, n'kumunyamula mpaka pakhonde.

Achemwali ake anali atakhala pamphasa, atatsamira khoma, ataonda zedi. Anatambasula manja n'kuyamba kupapasa nkhope ya mng'ono wawo, pamphumi, m'masaya, m'makutu.

"Wakalamba iwe," anatero.

"Nanga inu mwatsala?" anayankha mayiyo, ndipo onse awiri anaseka, kenaka n'kulira.

Chagada anaima chapatali chipewa chili m'manja. Achemwali aja atamulonjera kuti, "Alamu, mwatibweretsera munthu wathu, zikomo," anangoti, "Tachedwa, alamu," n'kukhala pa chitsa.

Anakhalako masiku angapo. Mkazi wake anagona chigonere pamphasa imodzi ndi achemwali ake, akutembenuzidwa ndi adzukulu. Ankacheza za anthu amene anamwalira kalekale, n'kumakangana za amene anaswa mtsuko wa amayi awo. Achemwali aja anayambanso kudya. Chagada analibe chochita pamudzipo. Anakonza wilibala ya eni nyumba, anakonza chitseko cha khola, kenaka analowa pansi pa chipikapu chake kukaona mmene chayendera. Chitsulo cha kunsi chinalibe ndi chipsera chomwe. Foni yake ikagwira, anali makasitomala ofunsa kuti geti atsegula liti.

Tsiku lina m'mawa anagwada pafupi ndi mphasa ija n'kunena kuti, "Mayi ake, mukapezako bwino tiziona msana wa njira. Ndiwonjezera miyala ina, ndipo tiyenda pang'onopang'ono."

Mayiyo anamuyang'ana mopanda mkwiyo. "Msewu uja ine sindiubwerezanso, bambo ake. Thupi lakana."

"Ndiye ndipite ndikachotseko zitsulo zina. Ifewa ngati matiresi, muona. Ndidzabwera kudzakutengani."

"Kachotseni," anatero mayiyo. "Koma ngakhale itafewa bwanji, miyala ija ili pomwe paja. Komanso achemwali ndingawasiye bwanji tsopano? Ndafika mochedwa, ndichokenso msanga?"

Chagada anafuna kufunsa kuti nanga ine, koma alamu ake anali pomwepo akumva, ndipo funso lotero silituluka pakamwa pa munthu wa imvi. Anamva chisoni chachikulu, chosakanikirana ndi mantha, chifukwa chikwatiranireni anali asanagonepo m'nyumba ija yekha. Anadziwanso kuti palibe amene angamudandaulire. Anapemphedwa kufikitsa munthu kwa achemwali ake, ndipo anamufikitsa.

Mayiyo anapempha mdzukulu kuti amupatsire chikwama. Anapisa m'kathumba ka m'kati n'kutulutsa mpukutu wa makiyi omangidwa pa kansalu. Anali makiyi a nyumba, a kabati ndi a kachipinda kosungira ufa, amene zaka zonsezi ankasunga ndi iye.

"Mankhwala anu a msana ali m'kabati, shelefu ya pamwamba," anatero akumupatsa. "Muzidya musanamwe. Maovolosi muziyamba mwawaviika, musamangowachapa. Ndipo mukapeza mpata muzibwera, galimoto muli nayo."

Chagada ananyamuka m'mawa womwewo. Potsika mapiri chipikapu chinayenda bwino kwambiri, miyala ili kumbuyo, osakhula pena paliponse. Anafika dzuwa likadalipo, n'kupeza magalimoto a anthu atandandalika kale pageti. Anawadutsa osapereka moni, analowa pa kakhomo ka malata, n'kukaima pakhomo la nyumba yake. Anayamba kuyesa makiyi aja imodziimodzi, chifukwa sankadziwa kuti yotsegulira chitsekocho ndi iti.