Chimbale cha Mpando

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri ndimachikumbukira bwino, chifukwa ndi chaka chimene dzino langa lakutsogolo linabenthuka, ndipo mpaka lero ndikaseka anthu amaliona. Tinkakhala ku Ballymun, m'nyumba zija zogundizana khoma, ine, amayi ndi adadi. Amayi anali namwino pachipatala china chachikulu mumzinda muno. Adadi anabwera ku Dublin kudzachita maphunziro apamwamba, ndipo anawamaliza bwinobwino, koma ntchito ya maphunzirowo sinapezeke. Anathera pa ulonda, kuyang'anira nyumba yosungiramo katundu ku Coolock, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima tsiku ndi tsiku.

Munthu ameneyu ankakonda bandi ina ya rock ya anyamata a konkuno. Musandifunse kuti mwana wa ku Dedza, wokulira m'kwaya ya tchalitchi, anazipeza bwanji nyimbo za magitala olira ngati makina ochekera matabwa. Iwo ankati anayamba kuzimvera kuti azolowere Chingerezi cha kuno, chimene chinkawagonjetsa m'basi. Bandiyo inatulutsa zimbale zisanu, ndipo adadi anali nazo zonse pa ma CD, atazindandalika pashelefu pamwamba pa wailesi. Sankaziika mwachisawawa ayi. Chopambana chinkakhala kumanzere, chotsalira kumanja, ndipo wosokoneza ndondomekoyo ankaona zakuda.

Ine maina a zimbalezo sindinkawasamala, ndinkazitchula ndi zithunzi za pachikuto: cha basi, cha galu, chofiira, cha mpando ndi cha ambulera. Loweruka lina, mtima wawo ukakhala m'malo, adadi ankandiitana kuti tikhale pakapeti.

"Tadala, bwera udzaphunzire kumva nyimbo," ankatero. "Usamangotchera makutu ngati mbuzi."

Ndiye ankandiyerekezera chimodzi ndi chinzake. Cha basi anachijambula akadali ana, woimba ng'oma ankathamanga n'kusiya anzake m'mbuyo, komabe munali moto, choncho chinali nambala three. Pa cha galu anali ataphunzira kudikirana, chimenecho nambala two. Cha ambulera anachitulutsa atalemera kale, akuimbira anthu a m'masitolo, chinayi basi. Chofiira ndiye chinali mfumu ya zonse: ng'oma zolemera, magitala osapuma kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, popanda ngakhale kampata kolowetsa singano. Cha mpando, chokhala ndi chithunzi cha mpando wopanda munthu, chinali kumapeto kwenikweni. Mmenemo munali gitala mmodzi ndi mawu a woimba basi, poti akuti anachijambula atakangana ndi anzake.

"Ichi si rock," ankatero adadi, atachinyamula ndi zala ziwiri. "Awa ndi maliro."

Ndinene zoona, adadi a Loweruka amenewo ndinkawakonda. Ankaseka mpaka kutsokomola, ankaimba ng'oma pamaondo anga, ndipo ndikalondola pamene gitala wachiwiri walowera ankandiombera m'manja.

Koma chimbale chofiira chija chinali ndi ntchito ina m'nyumba mwathu. Kawirikawiri zinkachitika Lamulungu masana, tikachoka ku Misa. Pabwalo la tchalitchi Amalawi ankaima kucheza, ndipo pankangofunika munthu mmodzi wofunsa kuti kodi ntchito ija inapezeka. M'basi pobwerera adadi ankakhala nsagwada zitauma. Tikalowa m'nyumba ankakhoma chitseko, n'kundiuza kuti ndipite kuchipinda kwanga. Kenako ankasolola chofiira, kuponya CD m'wailesi, kupotokola voliyumu mpaka pothera, n'kuwakankhira amayi kuchipinda kwawo, osadikira n'komwe kuti nyimbo iyambe.

Ng'oma zikayamba, pansi pake pankamveka zina. Lamba. Thupi likumenyetsedwa ku wadiropu. Chinthu chikusweka. Ine ndinkadzikwirira m'bulangete, zala m'makutu, koma bedi lenilenilo linkanjenjemera. Nyimbo za m'chimbalecho ndinaziloweza popanda kufuna, ndipo ndinkadziwa kuti ija ya gitala wautali ikafika ndiye kuti zatsala pang'ono kutha.

Lolemba amayi ankavala malaya a manja aatali, n'kudzola paudala wambiri. Ndikawayang'anitsitsa ankandigwira paphewa mwamphamvu.

"Za m'nyumba muno zisatuluke pakamwa pako, wamva? Kuno si kwathu. Akangomva, iwe akutenga, adadi ako awathamangitsa, ndipo tikhala nkhani ya Mmalawi aliyense mu Dublin muno."

Ankhoswe anali kutali, ku Malawi, ndipo pafoni ankangowauza kuti apirire, mwamuna akapeza ntchito yake zinthu zisintha. Zinasinthadi, koma moipa. Lamulungu lina adadi anawakanyanga pakhosi. Amayi anatha sabata akulankhula monong'ona, akulephera kumeza ngakhale tiyi, ndipo kuntchito anakanena kuti ndi chimfine. Ndinaona zala zinayi zitadindika pakhosi pawo, zakuda bii. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa chinthu chimodzi: tsiku lina chimbale chija chidzafika kumapeto, amayi osadzuka. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo pakamwa panali potsekedwa.

Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala a Noel, bambo wachikulire wa konkuno amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Anali wamimba yaikulu, wamagalasi okhuthala, wolongolola ngati wailesi. Nawonso bandi ija ankaidziwa, ankati anaionera ikadali yoimba m'malo omwera mowa, anthu osaiombera n'komwe m'manja. Tsiku lina ndikutaya zinyalala kuseri anandiitana pampanda, tinayamba kukangana za zimbale.

"Bambo ako nyimbo amazidziwa," anatero, "koma pa chofiira ndiye analakwitsa. Chopambana ndi cha galu, ukawauze kuti ndatero ndine. Chofiiracho ndi phokoso chabe. Akachiika, makapu amavina m'kabati mwanga, sindimva ngakhale foni yanga ikamalira."

Ndinawafunsa kuti nanga cha mpando amachiika pati.

"Kumapeto, nanga pena pati? Chija umachita kumva woimba akumeza malovu. Ngakhale uchikweze chotani, mphaka akalira panja umamumva."

Iwo anaseka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsala nditagwira chivundikiro cha bini. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti adadi amaika chofiira chifukwa choti amachikonda, kapena kuti chimawakwezera ukali. Ayi ndithu. Pa zimbale zisanu zija anasankha chokhacho chopanda mpata, kuti a Noel asamve. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndiye kuti ngakhale Loweruka lija pakapeti, pamene ankanditamandira ng'oma zosapuma, ankadziwa chimene ankazikondera.

Ma CD a bandiyo onse anali akuda pamwamba, timalemba take ting'onoting'ono. Loweruka lotsatira, adadi ali kuntchito ndipo amayi akugona, ndinakwera pampando. Ndinachotsa CD ya m'chofiira n'kuiika m'chikuto cha mpando, ya mpando n'kuiika m'chofiira, kenako ndinabwezera chilichonse pamalo pake. Mumtima ndinkadziuza kuti lamulo la amayi sindinaphwanye, poti pakamwa panga sipanatuluke mawu.

Sizinachedwe. Mawa lake pabwalo la tchalitchi bambo wina anawayamikira amayi kuti amva zoti akwezedwa pantchito, kenako anatembenukira kwa adadi akuseka.

"Achimwene, inu ndiye muli pabwino. Madamu akusamalirani."

Anthu anaseka. Adadi nawo anaonetsa mano.

Titafika kunyumba zonse zinayenda mwa nthawi zonse: chitseko, kiyi, "Tadala, kuchipinda." Koma ine sindinalowe, ndinaima pakhonde la m'kati, msana utatsamira khoma. Ndinaona dzanja lawo likusolola chikuto chofiira, osayang'ana. CD inalowa, voliyumu inapotokoledwa, ndipo wailesi isanayambe n'komwe anali atawakokera kale amayi kuchipinda ndi tsitsi. Mbama yoyamba inamveka m'nyumba muli chete.

Kenako gitala mmodzi analira, pang'onopang'ono. Anali wokwera, inde, koma pakati pa kulira kwina ndi kwina panali mpata waukulu, ndipo mumpatamo munadutsa chilichonse. Abale inu, kulira kwa amayi anga ndinali ndisanakumvepo kwathunthu. Ndinamva chitsulo cha lamba chikugunda fupa. Ndinamva mutu ukumenyetsedwa kukhoma, khoma lomwelo la a Noel, khu, khu, khu. Ndinamva amayi akuti, "Mundipha, bambo a Tadala, mundipha ine!" Woimba uja anakoka mpweya n'kuyamba nyimbo yake modekha, ngati palibe chikuchitika.

Kuseri kunamveka chibakera chikugunda khoma, ndi mawu a a Noel akufuula. M'chipinda munangoti zii. Chitseko chinatseguka, adadi anatuluka lamba ali m'manja, malaya a ku Misa atathothoka mabatani. Anaima n'kumvetsera, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene anazindikira nyimboyo. Anatulutsa CD m'wailesi, kuiyang'ana, kuiponya kukhoma, kenako maso awo anagwera pa ine.

"Ndani wagwira zimbale zanga?"

"Ndine," ndinatero. Mawu anatuluka okha.

Anandimenya ndi kuseri kwa dzanja. Ndinazungulira n'kukagwera pakona ya tebulo, pakamwa poyamba. Ndinamva kanthu kakuthetheka, m'kamwa munadzaza magazi ndi tizidutswa tokhala ngati mchenga. Asanandilole kupuma anandinyamula ndi malaya, lamba ali m'mwamba. Pamenepo amayi anatuluka, mkono umodzi ukulendewera mosakhala bwino, diso litatsekeka. Anadziponya pakati pathu, lamba anagwera pamsana pawo, ndipo anachita chinthu chimene anali asanachitepo chifikireni m'dziko lino. Anatembenukira kukhoma la a Noel n'kukuwa m'Chingerezi, ndi mphamvu zawo zonse, kuti anthu atithandize, mwana akuphedwa.

Chitseko chakunja chinali chikugwedezeka kale. Ndinakwawa, kupotokola kiyi ndi zala zoterera magazi, a Noel n'kugwera m'kati atavala masilipasi. Adadi anawalandira ndi chibakera pamphuno, magalasi aja anauluka. Koma mkulu uja sanabwerere m'mbuyo. Anawakumbatira adadi m'chiuno, onse awiri anagwera pashelefu, zimbale ndi wailesi zonse pansi phwa! Anagubuduzana pakapeti pomwe tinkakhala Loweruka paja, mpaka a Noel anawakhalira pamsana ndi chimimba chawo chonse, magazi akutsika m'mphuno, akupuma ngati basi yokwera phiri. Anali ataimbira kale apolisi asanatuluke m'nyumba mwawo, ndipo sanasunthe mpaka apolisiwo anafika.

Ambulansi inawatengera amayi kuchipatala chomwe ankagwirako ntchito. Anzawo omwe ankamwa nawo tiyi ndi amene anawadula malaya n'kuona zipsera zakale ndi zatsopano. Mkono unali utathyoka. Khoti linawaletsa adadi kuyandikira nyumba yathu, ndipo patapita nthawi anasamukira mzinda wina. Zimene amayi ankaopa zinachitika theka: nkhani inawandadi, ena kutchalitchi anasiya kutipatsa moni, ndipo achibale a adadi anaimba foni kutukwana. Koma palibe amene ananditenga ine.

Amayi anakhala masiku angapo osandiyang'ana m'maso, ndipo zinandipweteka kuposa dzino. Tsiku lina ndikuwasambitsa m'mutu pasinki, poti mkono unali mu pulasitala, anayankhula ataweramira m'madzi.

"Wandivula pagulu, mwana iwe. Anakutuma ndani?"

"Palibe, amayi. Munati ndisanene, ndipo sindinanene."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma ankaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira kwenikweni. Atadzuka, madzi akutsikira m'khosi, anandigwira chibwano n'kuyang'ana dzino lija nthawi yaitali.

"Ndinakuphunzitsa kutseka pakamwa, ndipo ndinalakwa," anatero. "Ukadzakula, ukadzamva wailesi ikulira mopitirira m'nyumba ya munthu, usamangoti akusangalala. Kagogode."

Pano ndine mayi wamkulu, ndipo ndagogodapo pazitseko za anthu. Kwina anandituluka ndi mwano poti kunalidi phwando chabe, ndipo sindinadandaule. Chimene ndimamvetsa tsopano n'chakuti m'nyumba mwathu tonse tinkathandizana kubisa: adadi ndi ng'oma zawo, amayi ndi paudala, ankhoswe ndi mawu awo ofewa, ine ndi bulangete langa. Tinkati tikuteteza ulemu wa banja, pamene chimene chinkatetezedwa ndi dzanja la munthu mmodzi. Chinanso chimene chimandiwawa n'chakuti adadi sananame. Chofiira chija ndi chimbale chabwino zedi, ndipo amene anandiphunzitsa kumva ubwino wake ndi iwowo. Koma chikangoyamba kulira m'sitolo, ndimasiya basiketi pomwepo n'kutuluka.

CD ya mpando amayi anaitola pansi tsiku lomwe anatuluka m'chipatala. Ili ndi mzere pamene inagunda khoma, ndipo pa nyimbo yachiwiri imadumpha. Amayi amakhala ku Beaumont masiku ano, rock sanaikondepo chibadwire, koma imeneyi amaiika akamasita zovala, mawindo ali otsegula.

Anzanga a kuntchito akayamba mkangano wa zimbale za bandi ija, poti kuno mkangano umenewu sutha, ena amati chofiira, ena amati cha galu. Akandifunsa ine ndimati cha mpando, nambala wani, zinazo azikangana okha. Amaseka mpaka kugwira m'mimba, amati Tadala makutu ako ndi okongoletsera mutu chabe. Ndimaseka nawo, dzino lobenthuka lili poyera. Kenako ndimatuluka panja n'kuwaimbira foni amayi, ndipo amayankha.