Ndakatulo za a Fabiano a ku Mlangeni

A Fabiano anafika ku Mlangeni akuthawa nkhondo ya ku Mozambique, ali okhaokha, mapazi atatupa. Akazi awo, a Lufina, ndi mwana wawo Edna anasiyana nawo m'mawa umene anthu amfuti analowa m'mudzi, aliyense n'kuthawira kwake. A Fabiano anagwidwa, n'kusenzetsedwa matumba a chimanga mpaka mapewa kusupuka. Anapulumuka pamene owagwirawo anayamba kuomberana ndi gulu lina. Moyo wawo wonse sanadziwe kuti amene anawagwirawo anali a mbali iti.

Nkhondo itatha, kuno zipani zitangochuluka kumene, malole anabwera kudzatenga othawa nkhondo. A Fabiano anakwera nawo. Kwawo anakapeza tsekera atamera pamene panali nyumba. Anafunsa kutchalitchi, kumsika, kuchipatala. Wina anati a Lufina anawaona ku Tete, wina anati anafera pamtsinje. Za mwanayo panalibe amene ananenapo kanthu. Atatopa n'kufunsa anabwerera ku Mlangeni wapansi. Banja lina linawabwereka kamunda kotsetsereka, nayamba kulima kachewere.

Ndakatulo anaziyambira m'mundamo. Sankazilemba, poti sukulu sanapite nayo patali. Ankangozinena mokweza uku akupalira. Woyamba kuwamva anali a Adamu, a kasitolo ka pamsika, amene ankabwera pa njinga kudzagula kachewere.

"Achimwene, mukuyankhula ndi ndani muli nokhanokha?" anafunsa a Adamu.

"Ndi anthu amene kulibe."

"Tabwerezani ndimve nawo."

A Fabiano anachita manyazi, komabe anatsamira khasu n'kuyamba:

Mbuzi zanga munadya, sindikudandaula,
nkhokwe munatentha, chimanga chimameranso.
Koma tandiuzani, inu amene munapambana,
kamwana kosadziwa kumanga nsalu kanakulakwirani chiyani?
Lero mukumwera tiyi pa tebulo limodzi,
ine ndikufunsabe anthu m'misika.

A Adamu anamangirira thumba lawo pa njinga n'kumapita. Koma kuyambira pamenepo, akabwera ankayamba akhala kaye pamzere n'kunena kuti, "Kaya lero muli ndi iti?"

M'ndakatulozo munalibe ngwazi. Munali mayi amene anabisala m'bango atatseka mwana wake pakamwa kuti asalire, asilikali atapita n'kupeza mwanayo sakupumanso. Munali msilikali wopanda ndevu yemwe anamwalira akuitana amayi ake. Kudera limene amuna amanyadira nyimbo za gule wa ngoma, zotamanda chishango ndi mkondo, ena ankati zonena za a Fabiano n'zofooketsa mtima. Pa zikondwerero sankawaitana. Ankaphika okha, kudya okha, Lamulungu n'kukakhala pa benchi lakumbuyo.

Chaka china cha zisankho, anyamata a pamsika anayamba kuyenda ndi zikwanje, ati akathane ndi a chipani china. A Adamu anada nkhawa. Anapita kumunda kukapempha mnzawoyo.

"Achimwene, anawa nkhondo amangoimvera pa wailesi. Tiyeni mukawauze."

"Andimvera ine? Ndine mlendo kuno."

"Mlendo wanji, kachewere wanu akudya ndi omwewa?"

A Fabiano anavala jekete lawo lokhalo, nakaima pakhonde la sitolo ya a Adamu. Anyamatawo anasonkhana, ena atakhala pa makireti. A Fabiano anayamba kulakatula. Atafika pa mayi wa m'bango uja, onse anatchera khutu. Koma wina wovala mpango kumutu anaseka.

"Madala, inu munathawa. Ife sitithawa."

"Ndinathawadi, mwana wanga," anatero a Fabiano. "Amene sanathawe sindinawaonenso."

Nthawi yomweyo lole ya chipani chawo inafika ikuliza hutala, anyamatawo n'kukwera akuimba. Awiri okha anatsala, atazolika. Patapita kanthawi anadzuka n'kulowera kwawo. A Fabiano anavula jekete, n'kulipinda, n'kubwerera kumunda. Sanakaimenso pagulu.

Zaka zinapita. A Adamu atayamba kudwaladwala, ana awo anawatengera ku Balaka. Potsanzikana anagwirana manja nthawi yaitali. Pambuyo pake odutsa m'njira ankawamvabe a Fabiano akulakatula m'munda, mawu atachepa, koma panalibe woima.

Anamwalira m'nyengo yozizira, mu June. Mayi wa banja lomwe linawabwereka munda lija ndiye anawapeza, ataona kuti dzuwa lakwera koma chitseko chili chotsekabe. Mkulu wa mpingo anafunsa kuti uthenga wa maliro autumize kuti, anthu n'kungoyang'anana. Anawaika kumapeto kwa manda a banjalo, pafupi ndi mtengo wa bulugamu. Kachewere wawo anali atakhwima kale, ndipo amayi a mpingo anakamukumba n'kuphikira amene anabwera pa maliro.