Kanthu Koyera M'khutu mwa Madamu

Kwathu ku Katete munthu mmodzi yekha ndiye ankavala kanthu kopanda chingwe m'khutu: mkulu wa mpingo wathu, amene makutu awo anafa kalekale. Kanthuko anawapatsa kuchipatala cha mishoni, ndipo kankathandiza pang'ono chabe. Tonse tinakula tikudziwa mwambo wake. Ukagwada, uyang'ane pansi, kenako ukuwe ngati ukuitana ng'ombe kutsidya la dambo. Za kanthuko osatchula. Mahedifoni a chingwe ndinkawadziwa, anyamata ankamvera nawo mpira pa foni. Koma opanda chingwe, kwa ine, anali a odwala.

Nditafika ku Lusaka kudzakhala ndi azakhali ku Kabwata, ndinagwidwa chisoni. M'minibasi, pamsika, m'misewu ya m'tauni, anthu ovala bwino ndithu, ena ana asukulu, makutu atawonongeka. Wina khutu limodzi, wina onse awiri. Ndinati mwina ndi mahutala a mabasi. Ena matendawo anali atakwera kumutu, poti ankayenda akulankhula okha, manja akuponya uku ndi uku. Sindinafunse aliyense. Za chilema cha munthu sitifunsa.

Amuna awo a azakhali anali atanena kale kuti nyumba ndi yaing'ono, mtsikana ameneyu akapanda kupeza chochita abwerere kumudzi. Choncho azakhali anandipemphera malo a ntchito kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo, wa ku Kabulonga, amene anali ndi shopu ya zamafoni m'tauni.

"Vuto yako iwe ni manyazi," anatero azakhali pondiperekeza kokwerera basi. "Ukamba monga uli na mbatata mukamwa. Ba madamu sibafuna munthu wonong'ona. Ukakambe mokweza, wamvela?"

Mlonda atanditsegulira geti, ndinawapeza madamu pakhonde akumwa tiyi. M'khutu lawo lamanja munali kanthu koyera. Apo m'pamene ndinamvetsa malangizo aja, ndipo mumtima ndinawayamikira azakhali chifukwa chosatchula matenda a mnzawo. Ndinagwada, maso pansi.

"MULI BWANJI, AMAYI!"

Agalu anayamba kuuwa kuseri. Madamu anadzidzimuka, tiyi n'kutayikira pambale. Anandikwezera dzanja, kenako akuyang'ana kumpanda anati, "Kambani futi. Katundu yafika kuti?"

Katundu wanga anali chikwama chimodzi.

"ALI KU KABWATA, AMAYI! PANSI PA BEDI!"

"Iwe!" anatero madamu, n'kuzula kanthu kaja.

Ndinayang'ana kumbali, monga timachitira munthu wamkulu akamachotsa mano oikirira. Ndiye ndinaganiza kuti, kalanga ine, tsopano alibiretu chowathandiza. Ndinakoka mpweya wonse wa ku Kabulonga.

"AZAKHALI AKUPEREKA MONI!"

Mlonda anabwera akuthamanga ndi chibonga. Pamwamba pa mpanda wa nyumba yoyandikana panatulukira mutu wa munthu wothirira maluwa.

"Mwana iwe, ukuwila chani? Ndani wagontha pano?"

Sindikanatha kuloza ndi chala. Ndinaloza ndi maso kanthu kali m'dzanja lawo, mawu anga enieni atabwerera. "Makutu anu, amayi. Pepani kwambiri."

Madamu anayang'ana kanthuko, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka kugwira mzati. Mlonda naye anatsamira chibonga chake n'kumapukuta misozi. Atapeza mpweya, madamu anandikodola n'kundilowetsa kanthuko m'khutu. Munali mwamuna.

"Halo? Ba madamu? Kuli malilo uko?"

Anali dalaivala wawo, ali ku Nakonde ndi katundu wa m'shopu. Posadziwa chochita ndinamupatsa moni, ndili chigwadire.

Pamenepo ndinali nditadziona kale m'basi ya ku Katete, chikwama pamiyendo, ndikukonza zoti ndikanene kwa amayi anga. Madamu anatenga kanthu kawo n'kukapukuta ndi nsalu.

"Ba anti bako banati ndiwe wamanyazi."

"Inde, amayi."

"Manyazi ya bwanji iyi yoleta mlonda na chibonga? Mvela. Shopu yanga ili mukati mwa kona, banthu baipitilila chabe. Atsikana banga bonse baili bavala tunthu utu mumakutu, kasitoma akaitana sibamvela. Mailo m'mawa ubwele. Uzaimilila pakhomo na mau yamene aya."

Umo ndi mmene ine, amene kusukulu aphunzitsi ankachita kuwerama kuti amve yankho langa, ndinakhalira wokuwa wa m'tauni. Poyamba pakhoma pathu panali mitundu yochepa ya mahedifoni opanda chingwewa. Posakhalitsa panadzaza: a timphira kunsonga, ogona m'kabokosi kotchaja, okoloweka kuseri kwa khutu, opachika m'khosi ngati goli, owala ngati ziphaniphani, ndi ena otchipa aja amene khutu limodzi linkafa wogula asanafike kwawo ku Chelstone. Onsewa ndinkawatchula mokuwa, maso ali pansi, chifukwa kuyang'ana anthu kumaso kokha kunandikanika.

Kwa makasitoma madamu ankandionetsa kuti, "Uyu ndiye dokota wathu wa makutu." Ine ndinkamwetulira mwaulemu. Koma tikagulitsa kwambiri, odutsa pakhomo ankachepa ondimva, ndipo chaka chilichonse ndinkawonjezera mawu. Sindinawauze madamu, poti si ulemu, koma za matenda a anthu a ku Lusaka zija sindinalakwitse kwenikweni.