Vesi Yachitatu ya a Longwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kiyibodi ya kutchalitchi. Nditamaliza sekondale ndinkangokhala pakhomo, Lamulungu n'kumaimbira kwaya. A Gondwe, bambo wa ku Mzuzu amene anali ndi shopu ya mafoni pafupi ndi msika, anandimva tsiku lina n'kundifunsa ngati ndingakonde kuphunzira kujambula nyimbo. Kuseri kwa shopu yawo kunali kachipinda kamene ankati situdiyo: makoma omata matiresi akale, maikolofoni imodzi, masipika awiri, ndi kompyuta yogwirapo kale ntchito imene anagula kwa munthu wochokera ku Joni.

Kujambula sikunandivute. Chondivuta chinali kompyutayo. Kukatentha inkayenda ngati nkhalamba pachitunda, nyimbo n'kumadukaduka, kuthetheka m'masipika, mwinanso pulogalamu n'kudzitseka yokha woimba ali pakati pa vesi. A Gondwe anandiphunzitsa kusaka vuto mwadongosolo. Choyamba, kutseka mapulogalamu ena onse. Kenako kukweza kanambala ka mu pulogalamu kotchedwa bafa, kuti makina azipeza mpata wokonza mawu asanawatulutse. Zikakanika, kuzimitsa mapulagini, tizipangizo tokometsera mawu tija, kamodzikamodzi mpaka kolakwako kapezeke. Loweruka ndinkatsegula bokosi la kompyuta n'kuchotsa fumbi pa fani ndi kaburashi.

"Wezi, makina salodzedwa," ankatero a Gondwe. "Chilichonse chili ndi chifukwa. Chisake."

Mmodzi mwa makasitomala athu anali a Longwe, mphunzitsi wopuma wa ku Chikale. Ankabwera wapansi, atavala jekete ngakhale kutenthe bwanji, kudzajambula nyimbo za Chitonga zimene anapeka ali mnyamata. Mawu awo anali a besi, okhuthala, koma mpweya unkawathera msanga, choncho tinkajambula vesi iliyonse payokha. Nyimbo yomaliza sitinaimalize bwino. Tinangomva kuti agonekedwa kuchipatala, ndipo posakhalitsa kunabwera uthenga wa maliro.

Chaka chitatha, m'mawa wina wotentha, mkazi wawo, a NyaManda, analowa m'shopu. A Gondwe anali atakwera minibasi kukaoda katundu ku Mzuzu.

"Mwanangu, Loweruka tikuvundukula chiliza," anatero. "Ana akubwera onse. Ndikufuna amve bambo awo akuimba nyimbo yomaliza ija."

Ndinawapatsa benchi kumbuyo kwanga n'kutsegula nyimboyo. Mawu a malemu anadzaza kachipinda konse, ngati aima pomwe ankaima paja. Vesi yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa. Pofika yachitatu, a Longwe anakoka mpweya kuti ayambe, ndipo pomwepo zonse zinaima. Mausi anakana kusuntha. Pulogalamu inadzitseka.

Ndinatsegulanso. Anaimba, anakoka mpweya, zii.

Ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinakweza bafa mpaka pamapeto. Ndinazimitsa mapulagini onse, mawu n'kutsala osakometsa, ouma, apafupi kwambiri moti ndinkamva milomo yawo ikutseguka. Ndinayambitsanso kompyuta. Palibe chinasintha. Ulendo uliwonse munthu amene ndinaona bokosi lake likutsikira m'manda ankakoka mpweya m'makutu mwanga, koma osautulutsa. Ndinayamba kuopa kuyang'ana pakona pamene panali maikolofoni.

"Kapena eni ake sakufuna," anatero a NyaManda motsitsa mawu.

Nanenso maganizo amenewo anali atandifikira. Ndinazimitsa masipika kuti ndiganize. M'chete mmenemo ndinamva kaphokoso kochokera m'bokosi la kompyuta, kugogoda pang'onopang'ono ngati chikhadabo pathabwa. Ndinaimbira a Gondwe n'kuika foni pafupi ndi bokosilo.

"Imeneyo ndi hadi disiki, mosungira zonse, ikufa," anatero. "Vesi imeneyo yakhala pamalo owonongeka. Usaitsegulenso. Kopera pa fulashi, fayilo imodziimodzi, uyambe ndi za a Longwe."

Ndinachotsa chitseko cha bokosi, n'kuloza fani ya patebulo m'kati kuti muzizire. Fayilo ya kiyibodi imene ndinawaimbira inakopeka. Vesi yoyamba ndi yachiwiri zinakopeka. Yachitatu inafika pakati n'kuima, kugogoda kuja kukukulirakulira. Inakana, ndinayesanso, inakananso. Kunja anthu ankatsatsa usipa ndi chinangwa monga mwa masiku onse, ife awiri tili duu kuyang'ana kamzere kobiriwira kosonyeza kukoperako, kosasuntha. Dzuwa litapendeka, kamzereko kanadumpha mwadzidzidzi mpaka kumapeto. Sindinathe kukopera za anthu ena. Sikirini inada, ndipo kompyutayo sinayakenso. Nyimbo za makwaya ndi za achinyamata ambiri a m'tauni muno zinathera mmenemo.

Ndinatenga laputopu ya m'shopu n'kutsegula fayiloyo. A Longwe anakoka mpweya, ndipo ulendo uno anautulutsa. Anaimba mzere umodzi. Kenako panabwera phokoso ngati la mvula pamalata, lalitali, lomeza vesi yonse. Ndinkati nditseke pamene phokosolo linatha lokha. Tsiku lojambula lija maikolofoni inali ikadali yoyaka nyimbo itatha. Tinawamva akutsokomola, kenako akuseka, kuseka kwawo kwa pansipansi kuja.

"Mwanangu, lero basi, chifuwa chakana," anatero malemuwo. "Tidzakonza ndikabweranso."

Ndiye panamveka mawu a mtsikana, osangalala, osadziwa kanthu: "Yewo ada, tidzakudikirani." Anali mawu anga, ndikuwathokoza.

Ndinagwira mausi kuti ndidule mbali imeneyo, poganiza kuti iwapweteka. A NyaManda anandigwira dzanja.

"Bwezera pamenepo."

Ndinabwezera. Anamvetsera atatseka maso, osalira.

"Nyimboyo ana akuidziwa, adzamaliza okha," anatero. "Koma kuseka kwawoku ndinali nditayamba kukuiwala. Usadule."

Ndinalumikiza mavesi awiri, mzere umodzi uja, ndi mawu a kumapetowo. Phokoso lokha ndi limene ndinachotsa. Anamangirira fulashi pakona ya chitenje n'kubwerera ku Chikale wapansi. Kuchiliza sindinapite. Sindikanatha kuima pakati pa ana awo n'kumadzimva ndikulonjeza kudikira.

Masabata otsatira anali owawa. Oimba ankabwera kudzafunsa nyimbo zawo, ife n'kumawauza kuti palibe. Ena anajambulanso, ena anapita osatsanzika. Mayi wina wa kwaya anangofunsa kuti, "Nanga mawu a mnzathu amene anatisiya uja?"

Lero ndili ndi situdiyo yangayanga komanso makina abwinopo. Kompyuta ikayamba kuchedwa kapena kudzitseka, ndisanakhudze bafa kapena pulagini, ndimayamba ndakopera ntchito yonse malo awiri, kenako ndimatchera khutu kubokosi. Zina zonse zimakonzeka, koma mawu a munthu alibe sipeya. Mpaka pano woimba akakoka mpweya m'mahedifoni mwanga, mtima umaima kaye mpaka atautulutsa. Ndipo akamaliza nyimbo, sindifulumira kuzimitsa maikolofoni.